Kodi Apolisi Angawerenge Mauthenga Athu a pa WhatsApp?

FUNSO: Ndine mlembi wa gulu la amayi ochita malonda ku Limbe, ndipo madandaulo amene timafuna kukatula kwa akuluakulu timayamba takambirana pa WhatsApp. Anzanga ena asiya kulemba poopa kuti apolisi amawerenga zonse, pamene mwana wanga akuti pali encryption ndipo palibe amene angaone. Kodi zoona ndi ziti? Mayi wa ku Bangwe.

YANKHO: Mayi, mwana wanu wanena zoona, koma sananene zonse. Kuyambira mu 2016, chilichonse chimene mumatumiza pa WhatsApp, kaya ndi uthenga wolemba, mawu kapena chithunzi, chimasandutsidwa zilembo ndi manambala opanda tanthauzo chisanachoke mu foni yanu, ndipo kiyi wochimasulira amakhala mu foni ya amene mwamutumizira yekha. Izi ndi zimene akatswiri amazitcha end-to-end encryption. Airtel ndi TNM amangonyamula uthengawo koma sangauwerenge, ndipo ngakhale kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wake wa WhatsApp, ilibe kiyi ameneyu. SMS ndi kuyimba wamba zilibe chitetezo chotere. Pa Telegram, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, chitetezochi chimapezeka pokhapokha mwasankha Secret Chat, ndipo m'magulu mulibe.

Chimene encryption siibisa ndi mapazi anu. Chiyambireni 2018, nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, motero kampani ya foni imadziwa mwini nambala, nthawi imene waimba, nambala imene waimbira komanso nsanja ya netiweki imene foni yake inali nayo pafupi. Meta nayo imasunga zina, monga nambala yanu ndi magulu amene mulimo. Zinthu zotere apolisi akhoza kuzipempha potsata malamulo, ndipo zimaulula zambiri ngakhale popanda kuwerenga liwu limodzi la uthenga.

Koma pamene ine ndimaona kuti anthu ambiri amagwera ndi pa foni yeniyeniyo ndi pa anthu amene akulemberana nawo. Uthenga ukafika umamasulidwa, ndipo aliyense wogwira foniyo ili yotsekula amauwerenga ngati nyuzipepala. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo zimangotengera mmodzi kujambula zimene mwalemba n'kuzitumiza kwina. M'dziko muno anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba m'magulu otere, maka pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Kulandidwa foni nako kumachitika: mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe ndi kumulanda foni ndi kompyuta. Palinso mapulogalamu aukazitape monga Pegasus, opangidwa ndi kampani ya NSO Group ya ku Israel, amene amalowa mu foni momwemo n'kuona uthenga usanabisidwe, ngakhale kuti ndi okwera mtengo kwambiri moti sindikhulupirira kuti ndiwo ayenera kukusowetsani tulo.

Choncho yambani ndi loko wa foni yanu. Mafoni atsopano a Android ndi iPhone amabisa zonse zosungidwa m'kati mwake, koma mphamvu ya chitetezocho imadalira nambala yachinsinsi imene mwaika. Manambala 4 ali ndi njira 10,000 zokha zowasanjira, pamene manambala 6 ali nazo 1,000,000, ndipo chaka chimene munabadwa si chinsinsi kwa munthu wodziwa kufufuza. Kutsekula ndi chala n'kophweka, komatu chala munthu akhoza kukugwirani n'kuchiika pa foni. Onaninso mauthenga amene WhatsApp imasunga ku Google Drive kapena iCloud, omwe ndi malo osungirako zinthu pa intaneti, chifukwa sakhala ndi chitetezo chonsechi mpaka mutatchera nokha end-to-end encrypted backup, imene inayamba mu 2021. Mungathenso kutchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, koma musafufute kanthu mukadziwa kuti nkhani yayamba kufufuzidwa, pakuti kuwononga umboni ndi mlandu.

Kufuna chinsinsi si chizindikiro choti mwapalamula. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo kusasokonezedwa pa makalata ndi mauthenga ake a pa lamya. Ufuluwu uli ndi malire, poti khoti likhoza kuloleza apolisi kuchita chipikisheni, koma wina akafuna foni yanu muli ndi chifukwa chomveka chofunsa mwaulemu kuti akuonetseni chikalata cha khoti. Ngati mwamangidwa, gawo 42 limakupatsani ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira.

Kunena za gulu lanulo, ndingakulangizeni kuti inu monga mlembi muone mndandanda wa mamembala, muchotse manambala amene palibe akuwadziwa, ndipo musalole kuti linki yolowera izingoyenda paliponse. Nkhani zotchula maina a anthu muzikambirana apakomiti okha m'kagulu kakang'ono, kapena pa Signal, pulogalamu yofanana ndi WhatsApp yomwe imasunga zochepa kwambiri zokhudza oigwiritsa ntchito.