Mlatho wakale wachitsulo, tiusamutse kapena upite kwa asikirapu?

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Ine ndimapalasa kabaza kuno ku Mangochi, mbali ya ku Namwera. Pa mtsinje wina womwe ndimawoloka tsiku lililonse pali mlatho wachitsulo uja wa matabwa pansi, bambo anga akuti anayamba kudutsapo ali kamnyamata. Pano akumanga wa konkire pambali pake ndiye kukumveka zoti wakalewu audula nkugulitsa kwa ogula zitsulo. Chonsecho kumudzi kwathu kuli kamtsinje koti mvula ikagwa ana sapita kusukulu. Kodi mlatho umatheka kusamutsa? Nanga tiyambire pati?
Wakabaza, Namwera

YANKHO: Achimwene, zimatheka, ndipo ngati mlatho wanuwo uli wa mapanelo ofananafanana okhala ndi zitsulo zopingasa mkati, umenewo ndi wa mtundu wa Bailey ndiye mwachita mwayi. Anaupanga dala kuti uzimasulidwa. Mzungu wina wa ku Britain dzina lake Donald Bailey ndi amene anaukonza nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali azimanga mwachangu nkuphwasula akadutsa, panelo imodzi ndi ya mamita atatu kutalika, yolemera pafupifupi makilo 260, amuna 6 amainyamula bwinobwino ndipo amalumikiza ndi mapini osati kuwotcherera. Lole imodzi maulendo angapo nkhani yatha.

Koma musathamangire sipanala. Mlatho wa pamsewu wa boma ndi katundu wa boma, misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ing'onoing'ono ya m'midzi imayang'aniridwa ndi khonsolo. Kumasula ngakhale bawuti imodzi popanda chilolezo ndi kuba basi, olo mutanena kuti mumathandiza ana asukulu. Yambani ndi amfumu, nkhani ilowe ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kenako ya m'dera (ADC), mulembe kalata kwa a DC, ndipo mulembe pano kontilakitala asanamalize wa konkirewo, chifukwa gilayinda ikangolowa palibenso choti musamutse. Ngati ndi wakaledi dziwitsaninso a dipatimenti ya Museums and Monuments, aja amayang'anira myuziyamu ya pa boma pano.

Tsopano pomwe ine ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Chitsulocho si vuto kwenikweni, vuto ndi komwe chikupita. Pamafunika injiniya akayeze kamtsinje kanuko, osati m'chilimwe madzi ali m'akakolo ayi, afunse akuluakulu kuti nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 madzi anafika pati, nkumanga zipilala za konkire mbali zonse ziwiri pamwamba pa pamenepo. Ndalama zambiri zimathera pamenepa, pa simenti ndi miyala. Zipilala zisanathe mlatho usamasulidwe, ndabwereza, usamasulidwe. Zitsulo zounjika pabwalo kudikira thumba la chaka chamawa tonse tikudziwa zimathera kuti, lero pasowa mapini awiri mawa panelo yasanduka ngolo kapena mabagala a pawindo la munthu.

Injiniya yemweyo agogode chitsulo chilichonse, makamaka zapansi pomwe pamakhala matope ndi m'mabowo a mapini. Dzimbiri la pamwamba amangopala nkupaka penti, koma chomwe chadyeka mpaka kupyapyala kapena chili ndi mng'alu chichotsedwe ndithu. Popala penti yakaleyo avale zotchinga kukamwa, penti zambiri zakale zinali ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi poizoni, lisagwerenso m'madzi momwe amayi amatunga. Matabwa ndiye musawawerengere, mugula atsopano. Ndipo akakuuzani kuti mlathowo wakalamba, pazingodutsa anthu, njinga ndi njinga zamoto musadandaule, mesa mumafunira ana asukulu? Muikepo zipilala pakhomo kuti lole ya mchenga isayerekeze.

Chinanso, ajambule zithunzi ndi kulemba nambala chidutswa chilichonse asanamasule, nambala yokhomerera osati ya choko. Ife a ku Mangochi phunziro ili tinalipeza kalekale pa sitima ya Chauncy Maples ija. Anaipanga ku Glasgow mu 1899, nkuiphwasula zidutswa zoposa 3,000 kubwera nazo mpaka kuno, koma atakuta zitsulozo ndi mankhwala oteteza dzimbiri manambala onse anakwiririka, anthu anavutika kufananiza chidutswa ndi chinzake mpaka sitima inadzalowa m'madzi mu 1901. Pa Bailey mapanelo amasinthanika inde, koma mlatho woti wakhala zaka zambiri zitsulo zina zinapindika mozolowerana, ndiye nambala imathandizabe.

Ena anena kuti ukachoka pamalo pake mbiri yatha. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Mfuti ija ili pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria, musanakwere mlatho wa Bakili Muluzi, inali pa sitima ya Gwendolen yomwe inawombera sitima ya Ajeremani mu 1914, pano ili pamtunda koma aliyense wodutsa amaimabe nkufunsa. Ingoikani kachikwangwani konena komwe mlathowo unachokera ndi chaka chomwe mwausamutsa, ka simenti, kachitsulo akazula sabata yomweyo.

Kalata ija mukalemba mutitumizireko kope, ndipo muikemo dzina la sukulu ndi chiwerengero cha ana omwe amatsalira kutsidya mvula ikagwa, kukhonsolo amamva msanga manambala kuposa madandaulo.