Hard drive yachiwiri yasokoneza kompyuta

Funso: Akonzi, ndawonjezera hard drive yachiwiri ya IDE (mtundu wakale wa chingwe chophwatalala) pa chingwe chimodzi ndi yoyamba, koma kompyuta yanga yakale sikufikanso pa Windows XP. Nditani?

Yankho: Ine ndimayambira pa jumper. Zimitsani kompyuta, muizule kumagetsi. Kumbuyo kwa drive, pakati pa mano 40 a chingwe ndi polowera magetsi, pali kapulasitiki kovala timano tiwiri, ndiye jumper, kosankhira ngati drive ndi Master (yoyamba) kapena Slave (yachiwiri). Drive zonse ziwiri zikakhala pa Master zimalimbana. Yokhala ndi Windows ikhale Master, inayo Slave. Chojambula chake chili pachomata cha drive. Mzere wofiira wa chingwe uyang'ane kolowera magetsi.

Drive yachiwiriyo ikaoneka mu BIOS (pulogalamu yoyamba kuyaka Windows isanatseguke) koma osaoneka mu My Computer, ipatseni chilembo choidziwira mu Disk Management, chida cha Windows choyang'anira ma drive. Chonde musathamangire format ngati muli zinthu zanu, zifufutika zonse.