Mapiko a makina a mphepo akatha ntchito amapita kuti?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo yofunsa ngati mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo amathyoka, komanso kumene amatayidwa akatha ntchito. Zikomo mayi, chifukwa funso limeneli ambiri amalilambalala akamayamikira magetsi a mphepo.

Kuthyoka kumachitika, ngakhale si kawirikawiri. Mapikowa amapangidwa ndi ulusi wa galasi woumitsidwa ndi utomoni wa epoxy, ndipo nsonga yake imathamanga liwiro loposa makilomita 250 pa ola, moti madontho a mvula, matalala ndi fumbi zimadya pang'onopang'ono mbali yakutsogolo ya phikolo mpaka madzi kuyamba kulowa m'ming'alu. Mphezi nayo imawononga, pakuti makinawa amaimikidwa pamtetete. Nthawi zina vuto limachokera kufakitale: mu Julaye 2024 phiko la mamita 107 linathyoka ku Vineyard Wind, malo a panyanja opangira magetsi a mphepo ku America, zibenthu zake n'kukafika m'magombe a chilumba cha Nantucket, ndipo kampani ya GE Vernova, imene inapanga phikolo, inati silinamatidwe bwino polipanga.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi katayidwe kake. Pakatha zaka 20 kapena 25, chitsulo cha nsanja ndi kopa wa m'jenereta zimasungunulidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, koma utomoni uja ukauma susungunukanso, n'chifukwa chake ku Casper, m'boma la Wyoming, mapiko mazanamazana anawadula n'kuwakwirira kumtaya. Ku Germany amawaphwanya n'kuwaponya m'ng'anjo za simenti, momwe utomoni umayaka ngati mafuta pamene galasi limalowa m'simentimo, ndipo ku Cork ku Ireland anamangira mlatho wa anthu oyenda pansi.

Ine magetsi a mphepo ndimawafuna, mayi, chifukwa sindinaiwale mdima umene tinakhalamo kuno ku Lilongwe namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu 2022, ndipo kudalira mtsinje wa Shire wokha n'kowopsa. Kenya ili ndi makina 365 pafupi ndi nyanja ya Turkana, kusonyeza kuti muno mu Africa n'zotheka. Komabe mtaya wa ku Area 38, umene ukuvutika kale ndi zinyalala za m'makomo mwathu, sungalandire mapiko otalika chonchi. Choncho tsiku limene boma lidzasainire mgwirizano ndi kampani yodzaimika makinawa, palembedwe momveka kuti kampaniyo izidzayendera mapiko chaka chilichonse mvula isanagwe, ndiponso kuti, ntchito yomanga isanayambe, isungitse ndalama zodzachotsera mapikowo akatha ntchito.