Funsani kuti pasipoti ndi khadi la kubanki zili ndi ndani

Achemwali, mwafunsa zoti muchite poti kasitomala wa kabizinesi kanu koyeretsa kuno ku UK akufuna pepala la ndondomeko yothana ndi ukapolo. Pepalalo lembani ndithu, koma mukangolikopera pa intaneti n'kusainira, dziwani kuti palibe amene mwamuteteza. Kampani yomwe ine ndinkakolopa maofesi ake usiku ku Birmingham inali nalo pepala lotere pa webusaiti yake, lolembedwa bwino zedi. Lamulo la Modern Slavery Act la 2015 limakakamiza makampani akuluakulu okha, amene malonda awo amafika £36 miliyoni pa chaka, kuti azilengeza zomwe akuchita pa nkhaniyi. Kabizinesi kanu koyeretsa sikafika pamenepo, koma akuluwo amafunsa aliyense wowagwirira ntchito, n'chifukwa chake akufunsani inunso. Tsoka lake amangofunsa amene asaina naye kontrakiti. Wosainayo amapatsa ntchitoyo wina, winayo n'kupatsa wina, ndipo palibe amabwera 2 koloko usiku kudzaona kuti wagwira mopu ndi ndani.

Ineyo amene anandichita chipongwe si mzungu ayi. Ndi Mmalawi mnzathu, mayi woimba kwaya Lamlungu, amene ndinkamuitana kuti aunt. Anandilipirira tikiti, ndipo tisanatuluke n'komwe pabwalo la ndege anati, "Mwana wanga, pasipoti ndikusungire, kuno kuli akuba." Anandiperekeza kubanki, khadi litabwera analitenga. Malipiro ankalowadi mu akaunti ya dzina langa, ndiye aliyense woona mabuku akanati zonse zili bwino. Lachisanu ankandiponyera £20 m'manja, zotsalazo akuti lendi, thiransipoti ndi ngongole ya tikiti. Ngongoleyo sinkatsika. Tinkagona atsikana anayi m'chipinda chimodzi, matiresi pansi, ndipo tikafunsa za mapepala ankati loya akukonza, tikachita makani aitana a Home Office, oona za anthu olowa m'dziko.

Usiku womwe sindidzaiwala ndi wa jiki. Mankhwala ankagula otchipa, n'kuwathira m'mabotolo a madzi akumwa opanda cholembedwa chilichonse. Anandiuza kuti zimbudzi za amuna zada, ndithire zonse ziwiri kuti ziyere msanga. Ndinathira jiki, ndikuthiranso mankhwala aja ochotsa zoyanga zoyera za m'chimbudzi. Sindinkadziwa kuti jiki ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya wa chlorine. Maso anayamba kuwotcha, kukhosi ngati ndameza tsabola wa kambuzi, mpweya osalowa. Chimbudzicho chinalibe windo. Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pakolido, manja ali ong'alukang'aluka chifukwa magolovesi anatha kalekale, ndikusanza pakapeti yomwe ndinali nditangoiyeretsa. Mnzanga anawaimbira aunt aja akulira. Anafika, kundiyang'ana, n'kunena kuti kuchipatala sitipita chifukwa akafunsa mapepala ndipo tonse tigwidwa. Anandigulira mkaka pa filling station, kenako anandilozera kapeti ija kuti ndiichape tisanachoke, mwini ofesi asaone. Ndinachapa, achemwali, ndikutsokomola, misozi ili chuchuchu. Patapita nthawi ndi pomwe ndinadzamva kuti ku A&E, kuchipatala kolandirira odwala mwadzidzidzi, salipiritsa munthu aliyense, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Mayi ameneyo ankadziwa zimenezo. Wakhala kuno zaka zambirimbiri, ankadziwa! Mpaka lero ndikamva fungo la jiki mtima umandithamanga, ndipo anthu ena a kwathu amandiuzabe kuti ndimukhululukire poti ndi amene anandibweretsa ku UK. Anandibweretsa kuti adzandidyere masuku pamutu, basi.

Njira ya khadiyi si yake yekha. Mu 2019 makhoti analamula kuti gulu la anthu a ku Poland lipite kundende pa mlandu wa Operation Fort konkuno ku West Midlands, ndipo apolisi ankati ozunzidwa anafika mwina 400. Nawonso ankatsegulitsa anthu maakaunti n'kusunga makhadi, anthuwo akugwira ntchito m'makampani ooneka olongosoka.

Ndiye inu, munthu aliyense wogwira mopu m'dzina la bizinesi yanu mukhale naye pansi nokha awiri, wopanda womuyankhulira. Mufunseni kuti pasipoti yake ili kuti, khadi lili ndi ndani, amagona kuti, kuntchito amabwera bwanji. Mukaona antchito atatu ali ndi adiresi imodzi ndi nambala ya foni imodzi, kapena galimoto imodzimodzi ikuwatula n'kuwadikira panja, kapena wina akuyankha mafunso m'malo mwawo, imani kaye. Right to work, chilolezo chogwira ntchito kuno, muione nokha pa webusaiti ya boma ndi share code, nambala yomwe wantchitoyo akupatseni, mukopere n'kubweza zikalata za eni ake tsiku lomwelo. Chindapusa cholemba ntchito munthu wopanda chilolezochi kuyambira 2024 chimafika £45,000 pa wantchito mmodzi koyamba. Payslip aliyense alandire yake. Malipiro otsikitsitsa mu Epulo 2025 anali £12.21 pa ola kwa wazaka 21 kupita m'mwamba, ndipo amakwera Epulo aliyense. Nthawi yoyenda kuchoka panyumba ya kasitomala uyu kupita kwa wina ndi ntchitonso, muilipire. Mukamugoneka wantchito kwanu, lamulo limaika malire a ndalama yomwe mungawerengere pa malipiro ake, osati lendi yongopeka; mu Epulo 2025 inali £10.66 yokha pa tsiku.

Wina akabwera kuti akupezerani atsikana pa £10 pa ola zonse zili momwemo, werengani nokha. Iye adya chiyani, mtsikanayo alandira chiyani? Ma ejenti otere asiyeni. 

Za katundu musadandaule kwambiri, koma funsani komwe magolovesi amachokera. Ambiri amapangidwa ku Malaysia, ndipo mu 2020 dziko la America linaletsa a Top Glove kulowa chifukwa antchito obwera kuchokera kumayiko ena ankalipira ngongole zikuluzikulu kwa owapezera ntchito. Mankhwala akhale m'mabotolo awo enieni, ndipo muwaphunzitse anthu anu zosasakaniza.

Mukakayikira china chake, musathamangire kukakangana ndi amene mukumukayikirayo, chifukwa amene adzalangidwe usiku womwewo ndi mtsikanayo. Imbani Modern Slavery Helpline pa 08000 121 700, ya bungwe la Unseen. Ndi yaulere ndipo simukakamizidwa kutchula dzina. Ine mlonda wa pa ofesi ija anandilembera nambalayi pakapepala koma sindinaimbe, mantha anali atandigwira, ndinangothawa ndi chikwama chimodzi kupita kwa mnzanga ku Leicester. Koma inu imbani, ndipo nambalayo muimate mkati mwa kabati yosungira mopu, pomwe wantchito angaiwerenge ali yekha.