Mapushapu ndi ululu wa pamfundo ya dzanja: yankho kwa achimwene a ku Rosettenville

Achimwene ena okhala ku Rosettenville atilembera pa imelo. Akuti amagwira ntchito yomanga, amalemera makilogalamu 80, ndipo kwa miyezi iwiri akhala akupanga mapushapu 60 m'mawa uliwonse pa matailosi a m'chipinda chawo. Tsopano akangoyala chikhatho pansi, pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi paja, pakumabaya chakumsana kwa dzanjalo. Akufunsa ngati agule bandeji zomangira dzanja, agule zogwirira za mapushapu, kapena angosiya.

Achimwene, musasiye, komanso musapitirize momwe mukuchitiramu. Ululu wobaya pamfundo si wolimba nawo mtima ngati kuphwanya kwa minofu kumene kumatha pakapita masiku awiri.

Pamfundo imeneyi pali timafupa 8 tomangidwa ndi minyewa. Kwa anthu ambiri, dzanja limapindikira m'mbuyo palokha mpaka madigiri 70 kapena apo. Pushapu ya pansi imafuna madigiri 90. Otsalawo mumachita kukakamiza ndi thupi lanu, ndipo si katundu wochepa: pa pushapu wamba, manja amasenza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa munthu. Kwa inu ndi makilogalamu opitirira 50, kuposa thumba la simenti. Timafupato timapanikizana chakumsana kwa dzanja, ndiye kubaya mukumvako. Onjezani kuti tsiku lonse manja omwewo akugwira njerwa, fosholo ndi wilibala. Minofu imazolowera msanga, koma minyewa ndi mfundo zimatenga nthawi, n'chifukwa chake chifuwa chikufuna 60 pomwe dzanja likukana.

Dziyeseni kaye. Gundanitsani zikhatho patsogolo pa chifuwa ngati mukupemphera, ndiye muzitsitse pang'onopang'ono zigongono zili m'mbali. Ngati zikhatho zikulekana mikono isanapange mzere umodzi wowongoka, ndiye kuti dzanja lanu silinakonzekere pushapu ya pansi.

Tione kaikidwe ka manja, poti apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Manja akhale pansi penipeni pa mapewa, kapena otalikirana pang'ono chabe kuposa mapewa. Mukawasiya kumbuyo, chakumimba, phewa limapitirira dzanja ndipo mfundo imapindika kuposa madigiri 90. Tambasulani zala, chala cha mkombaphala chiloze kutsogolo. Kenako kanikizani pansi ndi dzanja lonse: nsonga za zala, patsinde pa mkombaphala, patsinde pa chala chachikulu, ngati mukufuna kufinya tailosiyo. Ambiri amatsamira pa chidendene cha chikhatho chokha, kumunsi kwake pafupi ndi mfundo ya dzanja, zala zili lendelende, ndipo katundu yense amagwera pamalo amodzi. Mukayang'ana zikhadabo n'kuona kuti zayera pang'ono, ndiye kuti zala zikugwira ntchito.

Zigongono zisatuluke m'mbali ngati mapiko a nkhuku. Zikhale pakatikati, madigiri 45 kuchoka ku nthiti. Limbitsani mimba ndi matako kuti thupi liwongoke ngati thabwa. Chiuno chikagwa, msana umavutika ndipo manja amalandira katundu mopendekeka. Tsikani mwa masekondi awiri, chifuwa chitsale pang'ono kukhudza pansi, n'kukwera. Kudzigwetsa n'kunjanja ndi kumene kumapweteka mfundo. Ndipo musapangire pa matiresi: chidendene cha chikhatho chimamira, zala n'kutsala m'mwamba, mfundo n'kupindika kwambiri.

Pa zogula, ife tikuti zogwirira ndiye zaphindu. Mukagwira chogwirira, dzanja limawongoka ngati mwanyamula chikwama, ndipo kupanikizana kuja kumachoka. Zimapezeka m'masitolo a zamasewera monga Decathlon, Sportsmans Warehouse ndi Mr Price Sport. Posankha yang'anani kunsi: miyendo ikhale yotambalala, yokhala ndi labala, chifukwa pa matailosi pulasitiki yopanda labala imaterereka. Zazifupi, za masentimita 10 mpaka 12, n'zokhazikika kuposa zazitali. Pogwirapo pakhale ponenepa mokwanira, masentimita 3 kapena 4. Kachitsulo kowonda kamadya chikhatho. Zogwirira zimene zimazungulira mukamapanga pushapu zisiyeni kaye, dzanja lodwala silifuna chinthu chogwedera. Ngati muli ndi mnzanu wowotcherera, mapaipi achitsulo otsala amakwana, bola awotcherere bwino ndipo muveke labala kumiyendo. Madambelo (zitsulo zonyamula ndi dzanja limodzi polimbitsa thupi) a ngodya 6 amagwiranso ntchito yomweyo, koma ozungulira ayi, amagubuduka.

Chenjezo limodzi: chogwirira sichiwongola dzanja pachokha. Chikhale patsinde pa chikhatho, osati m'zala, ndipo mfundo za zala ziloze pansi. Mukalola dzanja kugwera m'mbuyo, mwabwerera pomwe munali. Komanso poti thupi lakwera, n'kosavuta kutsika mopitirira n'kukoka phewa. Chifuwa chikafika pa msinkhu wa manja, bwererani.

Popanda ndalama, pindani thaulo kanayi n'kupangira pa zibakera, katundu akhale pa mfundo za mkombaphala ndi chala chapakati, dzanja lili chilili. Njira ina, ikani thaulo lopindalo pansi pa chidendene cha chikhatho chokha, zala zili pa tailosi. Kupindika kumachepa ndithu. Njerwa zoimika musayese n'komwe. Njerwa ikapendama, dzanja limapotoka thupi lonse lili pamwamba pake.

Bandeji ndi yomwe tikukayikira. Imathandiza onyamula zitsulo zolemera kuti dzanja lisagwere m'mbuyo, koma pushapu ya pansi imafuna kuti dzanjalo lipindike, ndiye bandeji ikulimbana ndi chomwe mukuchitacho. Choipa china, imakupatsani mtima woti muli bwino. N'chimodzimodzi kumwa mapiritsi opha ululu musanayambe: ululu ndi umene ukanakuuzani poimira.

Kwa milungu iwiri kapena itatu, siyani ya pansi. Ikani manja pa chinthu chokwera ngati masentimita 60, benchi kapena tebulo lolimba lotsamira khoma. Pamenepo manja amasenza zosakwana theka la thupi. M'mapaki ambiri muno mu Joni muli zitsulo zamasewera zaulere, ndipo chitsulo chopingasa chofika m'chiuno n'chabwino zedi chifukwa mumachigwira dzanja lili lowongoka. Pangani magawo atatu a mapushapu 8 mpaka 12, katatu pa mlungu, kudumpha tsiku pakati. Ululu ukapanda kukula tsiku lotsatira, tsikirani pa masentimita 30, kenako pa zogwirira.

Musanayambe, tenthetsani manja kwa mphindi zitatu, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene m'mawa wa kuno umaumitsa zala. Zungulizani zibakera ka 10 mbali iliyonse. Gwadani, yalani zikhatho pansi, n'kumasunthira thupi kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono ka 10, kulekeza pomwe mwayamba kumva kukoka. Muli chigwadire, kwezani zidendene za zikhatho zala zili pansi, ka 10. Zimenezi ndi zomwe pakapita milungu zimawonjezera madigiri akusowa aja.

Koma pali zizindikiro zimene thaulo kapena chogwirira sichingakonze. Ngati chala chachikulu, mkombaphala ndi chapakati zikuchita dzanzi, makamaka usiku, mtsempha wodutsa pamfundopo ukhoza kukhala kuti wapanikizika. Ngati ululu uli mbali ya kachala kakang'ono ndipo pakulira "khe" mukamapotoza kiyi kapena kufinya chovala, kapena patuluka kachotupa kozungulira pamsana pa dzanja, kaonetseni. Chachikulu, achimwene: ngati munagwapo kuntchito n'kutchinjiriza ndi chikhatho, ndipo mukadina kadzenje ka patsinde pa chala chachikulu mukumva kuwawa, pitani msanga. Pamenepo pali kafupa kotchedwa scaphoid, kamene kamathyoka mwakachetechete, nthawi zina osaoneka pa ekisire yoyamba, ndipo kamavuta kulumikizana chifukwa magazi amafikako pang'ono. Yambirani kukiliniki yapafupi, South Rand Hospital nayonso ili komweko ku Rosettenville, ndipo mukawauze tsiku limene munagwa ndi momwe dzanja linafikira pansi.