Usanakoke waya, funsa amene amadutsa pamenepo

Mdzukulu wanga, uthenga wako wandipeza. Ukuti amalume ako akulozera malo kumudzi kwa amayi ako, cha kumunsi kufupi ndi dambo, ndipo ukufuna kuwatchinga onse chifukwa mbuzi zikukudyera mitengo imene wabzala, komanso anthu apanga njira pakati pa mundawo. Ukufunsa ngati ukoke waya waminga kapena uumbe njerwa. Zimenezo akakuuza amisiri. Ine ndimayembekeza kuti undifunsa kuti anthu akudutsawo ndi ndani, nanga akupita kuti.

Choyamba ndikuyamike. Anzako ambiri kumudzi amangofikako pamaliro, madzulo ake ali kale pamsewu kuimika minibasi. Iwe wakumbuka kuti kwanu kuli dothi, wabzalako ndi mitengo. Mtima umenewo usautaye.

Koma mawu akuti anthu apanga njira andikhumudwitsa pang'ono. Wadziwa bwanji kuti aipanga dzana? Njira ya kumudzi siyamba chabe. Ina imatsikira kuchitsime, ina kumadimba, ina imadutsa kuseri kwa chulu kupita kuchigayo, ina ndi ya kumanda. Mwina njira ukuidandaulayo inalipo amayi ako asanamere mano, ndipo amene analima pamenepo kale ankaisiya dala, mizere n'kumathera uku ndi uku, pakati n'kusiya poti mayi wosenza mtsuko adutse.

Ndikuuze mmene ife tinkaudziwira munda. Munda unali ndi mwini wake kuyambira pogalauza, pobzala, popalira, mpaka mikukwe itachotsedwa chimanga n'kulowa m'nkhokwe. M'miyezi imeneyo mbuzi zinkakhala pachingwe, ng'ombe zili ndi abusa kudambo, ndipo chiweto chikalowa m'munda mwa munthu unali mlandu wa kubwalo. Koma aliyense akamaliza kukolola, cha mu Juni kapena Julaye, anyakwawa ankalengeza madzulo kuti ziweto zimasulidwe. Kuyambira tsiku limenelo minda yonse inkatseguka, kuchokera kuphiri mpaka kumtsinje. Malire aliyense ankawadziwa, sankasuntha, koma palibe ankaimapo ndi chibonga.

Ndiye kunkayamba kukunkha. Ha, kukunkha! Ana a masiku ano mukamva mawuwa mumaganiza za umphawi, pamene kwa ife inali nyengo yosangalatsa. Mmawa dzuwa likangofunda tinkanyamula timadengu ndi timakasu tothatha, ulendo kuminda ya mtedza. Dothi likauma, mtedza wambiri umaduka n'kutsalira pansi pozula, ndiye tinkakhala chogwada n'kumafukula mzere ndi mzere, fumbi lili mbuu kumaso, nyimbo zili pakamwa. Ena ankatola zitsononkho za chimanga zimene zinagwera m'mapesi, ena nzama, ena nyemba zothetheka. Mbatata zinkadikira mvula yoyamba, chifukwa yotsalira pansi imaphukira yokha n'kudziulula pamene yabisala. Pobwera madzulo aliyense ali ndi kake, kokazinga kapena kosinjira ndiwo. Atsikana ena ankasunga mtedza wawo wokunkha mpaka kudzagula nawo sopo ndi duku, osapempha kwa munthu.

Amene ankakunkha kwambiri anali amayi amasiye, nkhalamba zimene khasu linali litazikanika, ana amasiye oleredwa ndi agogo awo, ndi akamwini atsopano amene anali asanakolole chawo. Palibe ankawaitana pagulu kuti bwerani mudzalandire thandizo, palibe ankawalemba maina. Munthu ankadzipezera yekha ndi manja ake, ulemu wake uli pomwepo. Ichi ndi chimene chimandipweteka ndikaona mwambowu ukufa. Kupatsa munthu chakudya iye osachita manyazi ndi luso lalikulu, ndipo makolo athu analidziwa.

Usaganize kuti kunalibe malamulo. Sunkalowa m'munda mwini asanamalize. Mkukwe sunkaukhudza ngakhale utagwa ndi mphepo. Ukampeza mwini munda unkamupatsa moni, n'kunena chimene wadzera, ndipo iye sankakana. Nayenso mwini munda anali ndi lamulo lake losalembedwa: ukazula kamodzi, wazula. Kubwereranso kachiwiri kukasefa dothi kuti pasatsale ndi kamtedza komwe chinali chinthu chochititsa manyazi, anthu ankakunena kuchitsime kuti ndiwe womana. Amayi anga akationa ife ana tikubwerera m'mbuyo kutola zogwa m'munda mwathu momwe, ankatikalipira kuti tizisiye, zimenezo zili ndi eni ake. Ndili mwana ndinkadabwa kuti eni akewo ndani, pamene munda ndi wathu. Akamalalikira kutchalitchi za Rute akukunkha m'munda wa Boazi, ife sitinkafuna wotimasulira.

Ndipo sizinali za mtedza zokha. Ng'ombe za amene ali nazo zinkadya mapesi m'minda ya amene alibe, n'kusiyamo ndowe, mwini munda osalipira kanthu. Anyamata ankakumba mbewa paliponse pamene aona una, kubwera ndi akapuku atawatunga pakamtengo. Chisoso, bonongwe ndi luni zomera zokha m'mphepete mwa munda mayi aliyense ankathyola. Masuku akayamba kugwa cha mu Novembala, amene walawira ndiye watola, mtengo ukhale m'malire a yani. Mapoza, mateme, nthudza, bowa wa m'nkhalango, chimodzimodzi. Wapaulendo njala ikamupweteka ankatha kuthyola msale n'kudyera pomwepo, makoko n'kuwasiya poonekera kuti mwini adziwe kuti panadutsa wanjala. Kunyamula kupita nazo kunyumba ndiko kunali kuba.

Sindikunena kuti iwe ndi woipa mtima, ayi. Zinthu zasinthadi. Pa kalembera wa 1966 m'Malawi muno tinali anthu 4 miliyoni, pa wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, koma dothi ndi lomwe lija. Thengo limene linkalekanitsa midzi linatha, mitengo inapita ku makala ndi kuotchera njerwa, madambo odyetsera ng'ombe analimidwa. Alangizi nawo amatiuza zoona akamati mapesi azitsala m'munda kuphimbira nthaka, ndipo wochita ulimi wa mtayakhasu sangasangalale kuona ng'ombe zikumudyera mapesi kapena anyamata a mbewa atamuyatsira moto. Njala ya 2002 inationonganso mitima. Chimanga chinkabedwa chili chachiwisi, ogwidwa ankamenyedwa mopanda chisoni, anthu anayamba kugona m'minda ndi zikwanje. Kuyambira pamenepo munthu akaoneka m'munda mwa mnzake amayamba waganiziridwa zoipa. Zonsezi ndikuzidziwa, ndinaziona ndi maso angawa.

Koma zina n'kuuma mtima chabe. Mavenda atayamba kuimika masikelo m'mbali mwa msewu, anthu anayamba kuona ndalama m'kamtedza kalikonse. Lero mwini munda amalemba ana aganyu kuti amukunkhire iye mwini, thumba lidzaze. Mapesi akugulitsidwa, makoko a mtedza akugulitsidwa, udzu wa kudambo uli ndi mwini. Ena a m'tauni amabwera ndi galimoto, kuyeza malo, kukoka waya, kuikapo mlonda wochokera kutali, iwo osadziwa ngakhale dzina la mayi wa nyumba yoyandikana nawo. Gogo amene wakhala akudutsa pamenepo moyo wake wonse azizungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Ndiye akadzabedwa amadabwa kuti bwanji mudzi wonse palibe anaona kanthu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo amene ankakunkha m'munda mwako ndi yemweyo ankakuthamangitsira mbuzi iwe kulibe.

Ndamva kuti lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya za malo ya m'dera lake. Ngati abale ako agwirizana nazo, ine sindikuletsa. Koma ukumbuke kuti malowo amalume ako sanakugulitse. Akulozera monga mwana wa mbumba, ndipo alongo ako ndi ana awo ali ndi mawu pamenepo. Usakachite zinthu mwakabisira.

Tsono za mbuzizo, nkhani yake ndi yaing'ono. Mtengo uliwonse uutchingire paokha ndi minga kapena timitengo tolukana, monga timachitira ndi mango ndi mapapaya, mpaka utakula poti mbuzi singafikire nsonga. Dimba tchinga ndithu, madimba akhala akutchingidwa kuyambira kale ndipo palibe anadandaulapo. Pakhomo pamene udzamange nyumba, ika mpanda wako. Koma munda wa kumtunda usaumange m'ndende. Ngati ukufuna malire aoneke, bzala khonje kapena nkhadze, n'kusiya mipata pamene njira ikulowera ndi pamene ikutulukira. Ngati mapesi ukuwafuna ophimbira nthaka, kanene kwa anyakwawa poyera kuti eni ziweto amve, koma amayi okunkha usawabweze, iwo sadya mapesi.

Njirayo ikakhala kuti yakudulira munda moipa, itha kusunthidwa, zimachitika. Koma soisuntha wekha. Upite ndi amalume ako kwa anyakwawa, aitane amene amaidutsa, muyende nawo limodzi mpaka mugwirizane pamene idzere. Ndipo ubwere nthawi yokolola, osati pa Khirisimasi pamene paliponse pali pobiriwira ndipo minda ili ndi eni ake. Udzakhale pansi pa mtengo m'mawa umodzi wokha, uone amene akudutsa, uwapatse moni, uwafunse kuti ndi a kwa yani. Ambiri udzapeza kuti ndi abale ako.

Undiyankhe msanga chinthu chimodzi: njirayo ikathera kuti? Ikakhala ya kuchitsime kapena kumadimba, mukhoza kukambirana monga ndanenera. Ikakhala imene adzukulu amadutsa ndi maliro popita kumanda, usakaitchule n'komwe kwa anyakwawa.