Kabotolo ka buluu kochokera ku Joni: kodi kangachotse chipsera?

FUNSO: Zikomo a Dokotala. Chaka chatha ndinapsa ndi phala pamkono. Bala linapola koma linasiya chipsera chakuda chotukuka. Achemwali anga a ku Joni anditumizira kabotolo ka mafuta a buluu olembedwa kuti copper peptide, akuti amachotsa zipsera ndi makwinya. Kodi n'zoona? Komanso mwana wanga wadzicheka ndi lata dzulo, ndingamupake? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Amayi, ndiyambe ndi mwanayo chifukwa ndi amene wandidetsa nkhawa. Musamupake ayi. Tsukani balalo ndi madzi aukhondo ndi sopo, ndipo lero lomwe pitani naye kuchipatala akaone ngati akufunika jakisoni wa kafumbata. Mafuta odzola sanapangidwire bala lotseguka.

Tsopano za kabotoloko. Mankhwala amene ali m'menemo amatchedwa GHK-Cu. Ndi tizidutswa titatu ta puloteni togwirana ndi kopa (copper), ndipo buluu mukumuonayo ndi wa kopayo. Wasayansi wa ku America, Loren Pickart, ndiye anapeza tizidutswati m'magazi a anthu mu 1973. Mu 1988, François-Xavier Maquart ndi anzake a ku Reims, ku France, anaonetsa kuti timalimbikitsa maselo kupanga collagen, ulusi umene umalimbitsa khungu. Pambuyo pake anaonanso zomwezo m'mabala a makoswe. Thupi limafunadi kopa kuti ulusi umenewu ulukane bwino, ndipo timamupeza mu nyemba, mtedza ndi chiwindi.

Choncho si zabodza. Koma umboni wambiri ndi wa mu labotale ndi wa nyama. Kafukufuku wa pa anthu ndi wochepa, ndipo Pickart mwiniyo anatsegula kampani yogulitsa mafuta otere. Pa makwinya ang'onoang'ono angathandizeko pang'ono mukamadzola kwa miyezi. Pa chipsera chanucho, ine sindikuyembekezera zambiri.

Chifukwa chake n'chakuti chipsera chimatukuka thupi likapanga collagen wochuluka mopitirira pamalo amodzi. Khungu lathu lakuda limachita zimenezi kawirikawiri. Vuto lanu si kuchepa kwa ulusi, ndi kuchuluka kwake. Chimene chimathandiza ndi jelo kapena mapepala a silicone omata pachipsera tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chikamakula kapena kuyabwa, dokotala wa khungu amabaya jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, m'chipseramo. Dzuwa limachidetsa kwambiri, ndiye muzivala zamikono yaitali mukamapita kumsika kapena kumunda. Ndikupemphaninso kuti musachipake mafuta oyeretsa khungu. Ndaona amayi ambiri khungu litapyapyala ndi kuchita mawanga chifukwa cha mafuta amenewo, ndipo zimandipweteka mtima.

Mphatso ya achemwali anuyo musaitaye. Yambani mwapaka kadontho kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri. Pakapanda kuyabwa kapena kutupa, muzidzola kumaso madzulo mukasamba. Wina akakuuzani za jakisoni wa copper peptide wogulitsidwa pa intaneti, mukane, chifukwa sanavomerezedwe ngati mankhwala obayira anthu.